Operekeza a ku Linga la Sambento

Amalume anga a Kalonjere sankalowa pakhomo lililonse osaodira. Ngakhale pakhola la mbuzi zawo zomwe ankayamba anena kuti "Odi," ife n'kumaseka. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zimene anachita ku Sambento sizinali zachibwana kapena zoputa dala. Anachita monga anawalelera.

Dzina langa ndine Mwandida, ndimaphunzitsa jogalafe ndi mbiri yakale pa sekondale ina ku Liwonde. Amalumewo anagwira ntchito ya njanji ku Nayuchi mpaka imvi, kukodola sitima zopita kugombe la Mozambique, koma nyanja yamchere anali asanaionepo. Ankakonda kunena kuti, "Ndatumiza fodya, ndatumiza shuga, katundu wotsalira pa siteshoni ndine ndekha." Tchuthi china ndinaganiza zopita nawo. Mayi anga, omwe ndi mlongo wawo, sanakondwe kwenikweni. Anandipatsira mankhwala awo a mtima m'manja, n'kunena kuti, "Wawatenga ali bwinobwino achimwene angawa. Ukabwere nawo."

Sambento ndi tauni yakale yomwe ili pachilumba chopyapyala ngati tsamba la chimanga. Ukaima pakati pa msewu umaona madzi uku ndi uku. Kumpoto kuli nyumba zamiyala zopaka laimu, zambiri zogumuka, mitengo ya kachere itazikumbatira ndi mizu. Kunsonga kwenikweni ndiko kuli linga. Kumwera kuli chinthu chimene sindinaoneponso kwina: mudzi wonse uli m'dzenje. Miyala yomangira linga ndi nyumba za olemera anaikumba kumeneko, ndipo osauka anamanga m'maenje momwemo, moti ukamayenda pamsewu madenga awo amakhala pa mawondo ako. Pachilumba chonsecho palibe mtsinje, ndipo zitsime zake n'zamchere. Madzi akumwa ndi a mvula, omwe amatsetsereka kuchokera pamadenga a linga kukagwera m'chithanki chachikulu cha pansi pa nthaka. Kumtunda umapita pa mlatho wautali, wopapatiza, wa galimoto imodzi.

Tinafikira m'dzenjemo, kwa Mayi Atija, mayi wonenepa wa maso akuthwa amene amachititsa lendi zipinda ziwiri. Ankalankhula Chichewa chabwino ndithu, chifukwa nthawi ya nkhondo anakhala pa msasa wa othawa kwawo ku Machinga.

"Mwaiona nyanja, baba?" anawafunsa amalume.

"Ndaiona, ndailawanso. Amene anathira mchere mmenemuja anali ndi dzanja lolemera. Kwathu akanamubweza kwa makolo ake."

Mayi Atija anaseka mpaka kugwira chitseko.

M'mawa mwake tinapita kulinga. Tinafika dzuwa litakwera, mlonda akuwodzera pansi pa mzinga wadzimbiri. Ine ndinali mphunzitsi tsiku limenelo, ndikuvomereza. Ndinawafotokozera amalume kuti makomawo anamanga Apwitikizi, koma malonda anawapeza kale, Aluya ndi Aswahili akugula minyanga ndi anthu. Ndinawauzanso za mphepo. Miyezi ina imawomba kuchokera kumpoto n'kubweretsa zombo, miyezi ina imatembenuka n'kuzibweza. Amene afika pagombe mphepo isanatembenuke ankayenera kudikira. Akapolo ochokera kumtunda, Amakua, Ayao, Anyanja, ankadikira m'zipinda zapansi zoyandikana ndi thanki, akumva madzi kuseri kwa khoma. Ambiri chombo sanachione n'komwe.

"Anyanja?" anafunsa amalume. "Akwathu?"

"Ena mwa iwo, inde."

"Wapansi, kuchokera kwathu kufika kuno?"

"Wapansi."

Anavula chipewa.

Polowera kuthanki pali khomo lalifupi lopanda chitseko, ndi masitepe otsikira mumdima wozizira wonunkha mileme. Ine ndinali nditatsogola kale. Kumbuyo kwanga ndinamva amalume aima pakhomopo, n'kunena mokweza, mwaulemu, monga amachitira paliponse.

"Odi kuno!"

M'malo otero mawu amabwerera. Nsapato zanga zinali zikumveka kawiri sitepe iliyonse. Koma "odi" ameneyo sanabwerere. Anangolowa, ngati mwala wogwera m'thope.

Kenako pansi penipeni panamveka kuwomba m'manja. Osati kwa chisangalalo ayi. Kunali kuja kwa manja opinda, kwapansipansi, komwe amayi akumudzi amawomba polandira mlendo wamkulu. Anayamba mmodzi. Ena anatsatira.

"Madontho amenewo, amalume," ndinatero. "Madzi akudontha kuchokera kudenga."

"Mvula inagwa liti kuno, aphunzitsi?"

Inali nyengo ya chilimwe.

Tinatuluka osafika pansi. Pabwalo la linga amalume anaima n'kuyang'ana chikwama chawo, chachikopa chija cha kunjanji chomwe ankayenda nacho paliponse, muli botolo la madzi, jekete ndi wayilesi. Anachikweza, n'kuchitsitsa.

"Wachotsamo chiyani umu?"

"Palibe."

"Tachinyamula."

Ndinachilandira, chinali cholemera monga mwa masiku onse. Nditawabwezera, lamba wake anakhala wofooka paphewa pawo, wosakoka malaya n'komwe, ngati wina wachigwirira kunsi.

Pobwerera tinadutsa m'tinjira topapatiza ta tauni yamiyala. Bambo wina wa njinga anatsika, n'kukanirira kukhoma kuti tidutse. Tinadutsa, koma iye anakhalabe pomwepo, akudikira, maso ali kumbuyo kwathu. Amayi awiri ogulitsa nsomba pakhonde anasiya kucheza. Galu anatuluka pachipata akuuwa, kenako anangokhala pansi n'kuyang'ana kumbali. Ndipo amalume, omwe ankayenda mofulumira kuposa anyamata, anayamba kuyenda pang'onopang'ono, n'kumaima pangodya iliyonse.

"Mwatopa?"

"Ine ayi," anatero.

Tikutsika masitepe olowera m'dzenje, Mayi Atija anali akupala kokonati pakhomo. Anakweza maso, mpeni n'kugwa.

"Baba, munalankhula kuthanki?"

"Ndinangoodira, mayi."

"M'Chichewa?"

"Nanga ndikanaodira m'chiyani?"

Anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti anthu a pachilumbapo akamakatunga madzi kulinga salankhula, ngakhale kutsokomola amapewa. Azungu obwera kudzajambula amafuula m'menemo mmene angafunire, palibe chimachitika. Koma munthu wa kumtunda akapereka moni wa kwawo, amalandiridwa. Ndipo mlendo wolandiridwa, pochoka amaperekezedwa.

"Si mwambo wanu womwe, achemwali? Ku Machinga munkandinyamulira mtolo mpaka kumsewu. Sabwerera woperekeza mpaka mlendo atamuuza. Mawa mukafika pakati pa mlatho, babawa atembenuke, athokoze, anene kuti bwererani pompano. Basi. Sali oipa mtima anthu aja. Angomva mawu a kwawo."

"Nanga akapanda kunena?"

Anatola nsalu n'kuyamba kupukuta mbale youma kale.

"Kunabwera wogula nsomba wa ku Milanje. Ananena, anapita kwawo, mpaka lero amabwera. Kunabweranso mkulu wina wa mpingo. Iyeyo anakana. Ena amati anafika kwawo, ena amati ayi. Ine sindinamuonenso. Zimene sindinaone sindinganame."

Kunena zoona, maganizo anga anali pawiri. Munthu wokalamba, wodwala mtima, amene wayenda ulendo wautali m'dzuwa n'kumva nkhani yowawa, akhoza kuona ndi kumva zambiri. Thanki yakale ili ndi ming'alu yomwe mphepo ya kunyanja imaseweramo. Anthu a m'tauni yaing'ono amayang'anitsitsa alendo. Chilichonse pachokha ndikanachifotokoza. Koma zinali zambiri, ndipo zonse zinkaloza kumodzi.

Madzulo amalume anakhala pakhonde, nkhope atalozetsa kumtunda komwe dzuwa linkalowera. Ndinkawamva kuchokera m'chipinda akulankhula motsitsa, n'kumasiya mpata, ngati munthu woyankha mafunso.

"Inagwa bwino chaka chino, koma inachedwa... Ayi, mapira analeka, masiku ano ndi chimanga... Ulipo mtsinjewo, ulipo. Ng'ona zilimo... Dzina limenelo sindikulidziwa, pepani. Mwina anasamuka."

Ndinatuluka. "Mukulankhula ndi ndani, amalume?"

"Akufunsa za kumudzi," anatero, osatembenuka. "Wina akufunsa ngati mwana wake anamupeza. Akuti anamusiya pansi pa mtengo wa mbawa, pafupi ndi dooko. Ndimuyankhe chiyani, iwe wophunzira?"

Ndinawapatsa mankhwala awo. Anamwa ndi madzi kapu yonse, napemphanso ina, ndi inanso. Milomo yawo inali youmabe.

Kutacha tinapeza mitsuko yonse ya Mayi Atija ili gwa, youma mpaka pansi, yosang'ambika, pansi posanyowa. Nsapato za amalume, zomwe anazisiya m'chipinda, zinali panja pa sitepe yoyamba, zitaikidwa bwino moyandikana, zala zitaloza kumlatho. Pafumbi la laimu pozungulira nsapatozo panali popondedwapondedwa. Sindinayang'anitsitse. Ndinangoona kuti mapazi ena anali aang'ono kwambiri.

"Lero lomwe muzipita," anatero Mayi Atija. Sanakwiye, koma sanatiyang'anenso kumaso. Kenako anagwira amalume pamkono. "Baba, mwamva zimene ndinamuuza mwanayu?"

"Ndamva, mayi. Koma tandiuzani. Nkhondo itatha, munthu akanakuuzani pa Nayuchi kuti bwererani kumsasa, mukanamva bwanji?"

Mayi Atija anawasiya mkono uja.

"Ine ndinali wamoyo, baba," anatero. "Ndipo kwathu kunali kudakalipo."

Poimikira magalimoto panali pikapu yopanda munthu, woyendetsa akuitanira okwera. Atationa anasiya kuitana. Ndinamufunsa m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka ngati akupita kumtunda. Anayang'ana kumbuyo kwa galimoto yake, komwe kunalibe ngakhale thumba, n'kupukusa mutu. Anati yadzaza. Ndinayang'ana matayala akumbuyo. Anali ataphwatalala, ngati a lole ya simenti. Amalume atabwerera m'mbuyo pang'ono, galimotoyo inadzuka yokha, zitsulo zikulira.

Tinauyamba wapansi.

Madzi anali ataphwa, nyanja itathawira kutali n'kusiya mchenga ndi matope onyezimira mbali zonse. Pansi pa mlatho amayi anali atawerama kutola nkhono. Tikudutsa, anaweramuka mmodzimmodzi. Palibe anatipatsa moni. Wina anaphimba pakamwa ndi nsalu.

Apa ndi pamene ndinawamva bwinobwino. Kumbuyo kwathu, pa simenti yotentha, kunkamveka kaphokoso ngati mvula ikamayamba pa masamba ouma. Tikaima kankaima, koma mochedwerapo, kuyambira pafupi mpaka kutali, kutali kwambiri, ngati mzerewo sunathe kutuluka m'tauni. Panali fungo la utsi wa nkhuni ndi thukuta. Sindinacheuke. Ndinkaona chithunzithunzi changa ndi cha amalume patsogolo pathu, ziwiri zokha, ndipo ndinaganiza zokhulupirira zimenezo.

Amalume ankapuma movutika. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa.

"Pano ndi pakati," ndinatero. "Nenani, amalume."

"Ndinene kuti chiyani?"

"Mukudziwa. Athokozeni, abwerere."

"Abwerere kuti, Mwandida? Unakuona kumene amakhala. Iwe wemwe sunafike pansi."

"Kumene akufuna kupita kulibe. Midzi yawo inatha kale. Mwanayo pansi pa mbawa palibe. Mukawafikitsa kuti? Mufera panjira, ndipo iwo adzatsala m'tchire la eni, opanda ngakhale khoma."

"Mwina. Koma adzakhala atayenda cholowera kwawo."

"Nanga mayi ndikawauza chiyani?"

Apo ndinaona kuti ndawakhudza. Ndinaganiza kuti ngati iwo sangathe, ndinene ndine. Ndinatembenuka, maso ndili pansi, n'kugwada pa simenti yowotchayo monga mwana wamkazi woleredwa. Ndinawomba m'manja.

"Zikomo, makolo athu, mwatiperekeza. Bwererani pompano."

Mphepo inaleka. Ngakhale mbalame za pamatope zinangoti zii. Ndiye panamveka mawu amene sindifuna kuwamvanso. Sikunali kulira, sikunali kukwiya. Kunali kuusa moyo kwa anthu ambiri nthawi imodzi, anthu ozolowera kuuzidwa zotero. Mapazi aja anayamba kukhwekhwereza, kutembenuka.

Chikwama chinagwa paphewa pa amalume ndi kulemera kwake konse, mpaka anadzandira. Magazi anabwerera kumaso kwawo, ndinaona ndi maso angawa. Anapuma mpweya wonse bwinobwino koyamba chichokereni kulinga. Zinali zitatheka. Tikanangoyenda.

Koma iwo anali akuyang'ana kumbuyo kwanga, ndipo misozi inkatsika m'masaya mwawo.

"Taona," ananong'ona. "Sakutsutsa n'komwe."

"Tiyeni, amalume. Chonde."

"Imani!" anafuula, mawu a pa siteshoni aja oimitsa sitima. "Imani, abale anga. Uyu ndi mwana, musamumvere. Anaodira ndine. Tiyeni, njira ndikuidziwa."

Lamba wa chikwama anafookanso.

Mpaka lero ndimasinkhasinkha za mphindi imeneyo. Ine ndinali ndi munthu mmodzi wamoyo woti ndimufikitse kwa mlongo wake, ndipo sindikuona kuti ndinalakwa. Iwo anali ndi khamu limene palibe analipepesapo, ndipo sindingathe kunena kuti analakwa. Tinafika kutsidya tisakulankhulana.

Kumapeto kwa mlatho msewu wa tala umakhotera kumpoto, komwe kumaima mabasi. Koma pali kanjira kena kamene kamalowa m'mitengo ya mbibu, kulunjika kumadzulo. Amalume anaima pamphambanopo.

"Awa galimoto saidziwa," anatero. "Anabwera wapansi."

"Ndiye ndipita nanu."

"Ayi." Anandiyang'ana mokoma mtima, monga ankachitira ndili wamng'ono. "Wandiperekeza, mwana wa mlongo wanga, wandionetsa nyanja. Zikomo. Iwe ndiye ubwerere pompano. Ukawauze mayi ako kuti ndikubwera, koma ndili ndi alendo."

Ndinawagwira malaya ndi manja onse awiri. Ndinakuwa, kuitana anthu a pamsewu. Palibe anasuntha. Kenako ndinamva zala zanga zikutsegulidwa, chimodzichimodzi, mosapweteka. Manja amene ankazitsegula anali ozizira, okhakhala, ndipo sanali a munthu mmodzi. Ena anangondigwira pamapewa, mofatsa, ngati mmene amagwirira namfedwa pamanda kuti asadziponye m'dzenje. Ndinaima choncho, udzu wa m'mbali mwa kanjira ukuwerama ndi kuweramuka, ukuwerama ndi kuweramuka, mpaka dzuwa linapendeka. Pamene anandisiya, amalume anali atapita kale.

Ndinakanena kupolisi. Anafufuza, anthu a m'midzi yapafupi anathandiza, sanapeze kanthu. Ndinabwerera ku Malawi ndekha, mankhwala a mtima ali m'chikwama changa.

Mayi sanandikalipire. Anamvetsera zonse, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Anati akubwera?" Achibale atafuna kuti tiike maliro a thunthu la nthochi, monga timachitira munthu akafera kutali, mayi anakana.

Patapita miyezi, uthenga unayamba kufika. Mnzawo wina wakale wa amalume, wa kunjanji, anaimba foni kuti woyendetsa sitima anaona mkulu wa chipewa akuyenda m'mbali mwa njanji kupitirira Nampula, yekha, koma akucheukacheuka ngati wotsogolera ng'ombe. Kenako mayi wina wogulitsa nyemba anati ku Cuamba anthu akukamba za nkhalamba ya ku Malawi imene imagona kunja kwa midzi, ndipo kumene yagona udzu umapezeka utaphwanyika bwalo lonse. Ndinapitako kawiri. Paliponse ndinkapeza atadutsa kale. Ena ankati ndi wamisala chabe, ndipo mwina ndi zoona. Koma munthu wa mtima wotere, wopanda mankhwala, sakanayenda mtunda umenewo ndi mphamvu zake zokha.

Nditamva kuti awoloka malire, ndinathamangira kumudzi ndi chimwemwe. Ndinapeza mayi atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, osasenda, osasoka, osachita kanthu.

"Amayi, awaona pa Nayuchi! Akubweradi!"

"Ndamva."

"Nanga bwanji simukukondwa?"

Anatsitsa mawu.

"Iwe umaphunzitsa ana mbiri yakale. Unayamba wafunsapo kuti mudzi uno unakhala bwanji pano, pa dooko, pamene midzi ina yonse ya m'mbali muno inatha? Agogo a agogo ako anali ndi mfuti. Anali ndi nsalu, mikanda, mabwato awo. Ankawolotsa anthu a malonda. Ukuganiza kuti ankawolotsa minyanga yokha?"

Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Amalume akudziwa zimenezi?"

"Anandiuza ndi iwowo, tili ana."

Anadzuka, n'kuyang'ana kunjira ya kum'mawa, yomwe imatsika kuchokera kumapiri.

"Ndimafuna achimwene anga afike, Mwandida. Tsiku lililonse ndimapempha. Koma alendo awowo akadzafika pa dooko paja, adzapazindikira."

Uthenga womaliza wabwera sabata yatha. Anawaona pa Ntaja, akuyenda bwinobwino, osafulumira. Kuchokera pa Ntaja kufika kwathu si patali.